Malamulo awiri, katekisimu mmodzi: zimene mlangizi waona m'malire a Milange

Anabwera madzulo nkhuku zikulowa m'khola, ine ndili pakhonde kupeta nandolo. Anali mtsikana wa m'kwaya yathu, wa zaka 16. Anagwada chapatali, maso pansi, ndipo asanatsegule pakamwa n'komwe ndinali nditadziwa kale. Ndakhala mlangizi mu mpingo wa Katolika kuno ku Milange zaka zambiri, mimba yobisa ndimaionera pa kamangidwe ka kapulana.

"Amayi, mwezi wandidumpha kawiri," anatero. "Azakhali akuti tipite kuchipatala, akuti boma linavomereza."

Azakhali akewo sananame. Mu Disembala 2014 pulezidenti Armando Guebuza anasaina malamulo atsopano a milandu, ndipo kuchokera pamenepo mkazi wa ku Mozambique akhoza kupempha kuchipatala chovomerezeka kuti amuchotse mimba ngati sinapitirire masabata 12. Ngati anachita kumugwiririra, malire ake ndi masabata 16. Ngati mwana wapezeka ndi chilema chachikulu, mpaka 24. Koma kwerani kabaza muwoloke pa Muloza kulowa m'boma la Mulanje. Kumeneko malamulo a milandu amene anasiya atsamunda amaika zaka 14 m'ndende kwa wochotsa mimba ya wina, zaka 7 kwa mkazi mwini wake, pokhapokha ngati moyo wa mayi uli pachiswe. Ife a m'malire timakwatirana, timakumana pa msika wa Limbuli, maliro timalira limodzi, ngakhale wailesi timatsegula za ku Malawi. Chinthu chimodzimodzicho tsidya lino ndi ufulu, tsidya ilo ndi mlandu.

Mpingo wokha ndiwo sudziwa za malire. Katekisimu wa ku Quelimane ndi wa ku Blantyre ndi mmodzi: moyo wa munthu umayamba pomwe mayi watenga pathupi, mwini wake ndi Mulungu, ndipo palibe mayi, dokotala kapena nyumba ya malamulo imene ili ndi mphamvu yothetsa moyo wosalakwa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anazilemba mwatchutchu m'kalata yotchedwa Evangelium Vitae, imene anaisaina pa 25 Malichi 1995, tsiku lomwe timakumbukira mngelo akuuza Maria za pathupi pake. Malamulo a Mpingo amati wochotsa mimba mwadala, akudziwa chimene akuchita, wadzichotsa yekha mu Mpingo. Palinso kalata ya Papa Paulo Wachisanu ndi Chimodzi ya mu 1968 yokana mankhwala olerera. Pa imeneyo, tinene chilungamo, azimayi ambiri amamva ndi khutu limodzi: jakisoni amakabayitsa pakati pa sabata, Lamulungu n'kudzavina kutsogolo pa zopereka.

Tsidya la Malawi mawu a Mpingo amamveka mpaka ku nyumba ya malamulo. Pa 6 Disembala 2016 maepiskopi a Katolika pamodzi ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi anatsogolera anthu m'misewu kukana bilu yofewetsa lamulo la kuchotsa mimba. Mu Malichi 2021 phungu Matthews Ngwale anayesa kuibweretsa m'nyumbamo, aphungu anzake anakana ngakhale kuikambirana. Ofuna kusintha lamulo ali ndi mfundo zawo: kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mokha ku Malawi kunachotsedwa mimba pafupifupi 141,000, lamulo lili chiletsere. Chiwerengerocho ine sindichitsutsa. Ndinasambitsapo mtembo wa mtsikana amene anamulowetsa phesi la chinangwa, ndipo fungo la m'nyumba imeneyo silinandichoke mpaka lero. Komabe chiphunzitso ndimachivomera ndi mtima wonse. Ndinapitako padera kawiri, ndipo palibe angandiuze kuti chimene ndinalira chinali magazi chabe.

Vuto langa lili pena. Chiphunzitso chilibe miyendo, chimayenda ndi anthu, ndipo kuno anthu ake si maepiskopi. Dziko lathu la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, amishonale ambiri n'kuchoka. Mu 1977 Mpingo unakumana ku Beira n'kugwirizana kuti udzikhazike pa timagulu ta akhristu a m'midzi, timene tsidya la Malawi amati miphakati, ndipo ntchito zigawidwe kwa akhristu wamba: wina wotsogolera mapemphero, wina wophunzitsa katekisimu, wina wa maliro, wina wa mabanja. Nkhondo yapachiweniweni itabwera, nzeru imeneyi ndiyo inasunga Mpingo. Gulu loukira boma la Renamo linalanda tauni ya Milange mu 1986, ife tinathawira ku Mulanje, mbali ya anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene Malawi anawasunga. Pa Pasaka wa 1989 amishonale atatu Achikapuchini a ku Italy anaphedwa ku Inhassunge, kufupi ndi Quelimane. Zaka zonsezo, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ana ankabatizidwa ndi maliro kuikidwa ndi akuluakulu a m'mudzi opanda mkanjo. Ndiye wina akati "atsogoleri a Mpingo", ine sindiona chisoti cha episkopi. Ndimaona mdala wa njinga yakapalasa, buku la mapemphero lokutidwa ndi pulasitiki atalimangirira pakaliyala. Kumidzi yakutali wansembe amafika mwa apo ndi apo. Mdalayu alipo Lamulungu lililonse.

Akuluakulu amenewa ndi ouma pa chikhulupiriro kuposa ansembe, ndipo ndimawalemekeza chifukwa anachisunga zipolopolo zikulira. Mu Disembala 2023 ku Vatican kutatuluka chikalata cha Fiducia Supplicans, chololeza ansembe kudalitsa anthu okhala m'maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha, maepiskopi a ku Malawi anakana m'mawa mwake momwe. Ulaliki wa Ambuye Martin Mtumbuka a ku Karonga wotsutsa chikalatacho unazungulira m'mafoni athu pa WhatsApp, madala akugwedeza mitu mokhutira. Ndinaseka chamumtima kumva anthu omwe anatiphunzitsa kuti Papa satsutsidwa akunena poyera kuti apa Papa waphonya. Koma Papa Fransisko yemweyo mu Novembala 2016 anapereka kwa wansembe aliyense mphamvu yokhululukira tchimo la kuchotsa mimba, lomwe kale m'madera ambiri linkadikira chilolezo cha episkopi. Mu 2018 anasintha katekisimu kuti chilango cha imfa n'chosaloledwa. Nkhani ziwirizi sindinazione zikuyenda m'foni ya aliyense.

Kupatulika kwa moyo kunayesedwa kuno mu 2017, osati m'chipatala koma pamsewu. Chaka chimenecho amuna adazi anaphedwa m'boma lino chifukwa cha bodza lakuti m'mutu mwawo muli golide, mpaka apolisi anachenjeza adazi onse. Miyezi ingapo pambuyo pake mphekesera ya anamapopa inagwedeza Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu olusa. Ena mwa ogona panja ndi zibonga anali obatizidwa, korona ili m'khosi. Ndimakumbukira mkulu wina wa mpingo wathu ataimirira pambuyo pa mapemphero n'kunena kuti wogenda mlendo ndi wochotsa mimba aphwanya lamulo limodzi lomwelo lachisanu. Anthu anang'ung'udza, ena anamunena kuti wadya nawo za anamapopa. Sanabweze mawu ake.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti kuchipatala kokachotsa asapite, koma kusikelo tipita limodzi. Usiku womwewo ndinamuperekeza kwa amayi ake, n'kukhala pakati pawo mpaka kulira kunatha. Mwini mimba anali wogula nandolo wa sikelo yopachika pamtengo, amene nyengo itatha anasowa ngati mame. Sabata yachiwiri nkhani inafika ku bwalo la akuluakulu a mpingo. Anagamula kuti mtsikanayo achoke m'kwaya, amayi ake ayambe aima kulandira ukalistia mpaka nkhani iunikidwe, poti analephera kulera mwana wawo. Wina anati kuli bwino amupezere banja msanga, manyazi achoke. Za mwamuna uja palibe anafunsa.

Ndinapempha kuyankhula. "Abambo, za banjazo iwalani, boma linaletsa mu 2019 kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Koma ndifunse. Mwanayu tamuuza kuti asachotse, wamvera. Malipiro ake ndi amenewa?"

Panali zii. Ndinapitiriza, popeza ndinali nditayamba kale. M'kwaya momwemo, ndinatero, mukhoza kukhala wina amene anapita mwakachetechete, lero akuimba, yunifolomu ikumukwana bwinobwino. Atsikana ali ndi maso. Akaona kuti wosunga mimba ndiye amachotsedwa pamaso pa anthu, wochotsa n'kutsala pamalo pake, aphunzira katekisimu wina amene sitinawaphunzitse ndi pakamwa. Tsidya la Malawi mwina Mpingo ungatsamire pa lamulo la boma. Kuno tilibe chotsamira: chipatala chili pompo, lamulo likuloleza. Chomwe chingamugwire mtsikana ndi kudziwa kuti akasunga, sakhala yekha.

Mkulu wa bwalo, munthu amene anandiphunzitsa ine katekisimu kumsasa wa othawa nkhondo, anandiyankha modekha. "Mayi, mwanena zoona, koma tikapanda kudzudzula, mawa onse atenga mimba." Mantha akewo ndimawamvetsa, si munthu wankhanza. Tinasiyana osamvana. Wansembe atabwera patapita milungu ingapo, anawabwezera amayi aja ku ukalistia tsiku lomwelo, mtsikanayo n'kumulandira kolapa. Za kwaya anazisiya m'manja mwa akuluakulu, poti iye amabwera n'kupita, iwo ndiwo otsala ndi mpingo.

Kusukulu zinayenda bwino kuposa kutchalitchi, ndipo zimenezi zimandiwawa kuzinena. Lamulo la unduna la mu 2003 lomwe linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku linathetsedwa mu Disembala 2018, choncho anapitiriza masana ndi anzake mpaka mwezi wachisanu ndi chitatu. Azimayi a mphakati wathu tinasonkha mametikali ndi makwacha, poti kuno ndalama zonse ziwiri zimayenda, tinagula beseni, matewera ndi makapulana atatu. Anachira mwana wamkazi nthawi ya chimanga chachiwisi, ndipo pa ubatizo ndinamugwira ndine.

M'kwaya anamuloleza kubwerera chaka chitatha, koma sanabwerere. Amakhala benchi lakumbuyo, kufupi ndi chitseko, kuti mwana akalira atuluke msanga. Nyimbo zonse amaimba ali pomwepo, ndipo ine ndikakhala kutsogolo ndimamumva.