MPHUNO YA HATCHI IKACHITA ZILONDA

Hatchi ndi chiweto champhamvu, koma ili ndi malo amodzi osalimba, ndiwo pamphuno. Khungu la pamenepa ndi lopyapyala, ubweya wake ndi wochepa, ndiponso ndi pamene pamayamba kukhudza udzu, madzi ndi hatchi zinzake. N'chifukwa chake pamachita zilonda kawirikawiri. Zilondazi zimaoneka ngati zofanana, koma zimene zimaziyambitsa n'zosiyana, ndipo mankhwala a china sachiza chinzake. Tiyeni tione zinthu zinayi.

Choyamba ndi dzuwa. Khungu lakuda lili ndi melanin amene amaliteteza ku cheza cha dzuwa. Hatchi za mphuno yoyera, monga zambiri za mtundu wa Paint ndi Appaloosa ku America, zilibe chitetezo chimenechi. Mphuno imafiira, imachita matuza, kenaka imasupuka, ndipo hatchi imakana kuigwira kumaso. Hatchi yotere iikidwe pamthunzi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Ipakidwe mafuta a zinc oxide tsiku ndi tsiku, kapena ivekedwe chophimba kumaso chofika mpaka pamphuno. Osanyozera, chifukwa khungu lopsa chaka ndi chaka limatha kuyamba khansa.

Chachiwiri, ndipo choopsa kwambiri, ndi zimene hatchi yadya. Zomera zina monga St John's wort zili ndi poizoni amene amayenda ndi magazi kufika pakhungu. Kuwala kukagunda poyera, poizoniyo amaotcha khungu ngakhale dzuwa lisawale kwambiri. Zomera zina monga ragwort ya ku Britain ndi abale ake a mtundu wa Senecio ku South Africa zimaononga chiwindi. Chiwindi cha bwinobwino chimachotsa phylloerythrin, chinthu chimene chimapangika m'mimba udzu wobiriwira ukamagayika. Chiwindi chikafooka, chinthuchi chimachuluka m'magazi n'kuyamba kuotcha khungu. Mudzazindikira vutoli poona kuti zilonda zili paliponse poyera, ngakhale m'miyendo, khungu lakuda lili bwinobwino. Mwina hatchi imaonda, nkhama ndi maso n'kuchita chikasu. Apa mafuta okha sangathandize. Ichotsedwe kubusako, itsekeredwe m'khola masana, ndipo dokotala wa ziweto ayeze magazi msanga, apo ayi itha kufa.

Chachitatu ndi njerewere. Izi zimabwera ndi kachirombo ka papilloma ndipo zimakonda hatchi zosakwana zaka 3. Zimaoneka ngati timibulu totuwa tounjikana pamphuno ndi pamilomo. Zimanyansa m'maso koma sizipweteka, ndipo zimatha zokha pakapita miyezi ingapo. Osazidula kapena kuzitcha ndi moto. Chofunika ndi kuipatsa hatchiyo ndowa yakeyake kuti isapatsire zinzake. Koma chotupa chikatuluka pa hatchi yaikulu, n'kumakula kapena kuchucha magazi, chimenecho si njerewere wamba ayi. Dokotala achione.

Chachinayi ndi chipere. Ubweya umasosoka mozungulira ngati ndalama, pakati n'kuchita nkhanambo. Chimafala kudzera m'zingwe za kumutu ndi maburashi, ndipo munthu nayenso amatha kuchitenga. Hatchi yodwala ipatulidwe, itsukidwe ndi mankhwala a chipere amene dokotala wanena, zipangizo zake zichapidwe, ndipo woisamalira asambe m'manja ndi sopo.

Tsono musanathamangire mankhwala, dzifunseni mafunso awa: Kodi hatchiyi ili ndi zaka zingati? Kodi zilonda zili poyera pokha? Kodi yayamba kudya kubusa lachilendo? Kodi zinzake zili nazonso? Mayankho ake adzakuonetsani kumene vuto lachokera. Ngati sabata yatha popanda kusintha, pitani kwa odziwa za ziweto. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Hatchi singanene pamene pakupweteka, choncho mwini wake aziyang'ana mphuno yake m'mawa uliwonse poipatsa madzi.