KUFUNAFUNA MBIRI YA KASUNGU PA GWERO PAKE

M'dera la Mfumu Kaomba ku Kasungu, mlandu wa malire a munda kapena wa ufumu sutha msanga. Wina amati makolo ake analima pamenepo esiteti ya fodya isanabwere. Mnzake amatsutsa, nati malowo anali thengo. Onse awiri amalumbira kuti akunena zoona, koma akafunsidwa kumene anazimva, yankho limakhala lakuti "amatero akuluakulu". Mwana wa sukulu ya ukachenjede wolemba mbiri ya kwao amakumana ndi vuto lomweli, ndipo aphunzitsi ake samlola kupitirira asanasonyeze umboni woyamba.

Umboni woyamba ndi chinthu chimene chinalembedwa, kujambulidwa kapena kunenedwa ndi munthu amene analipo pa nthawi ya nkhaniyo. Kalata ya bwana wa boma, kaundula wa ubatizo, chikalata cha lendi ya malo, mapu akale ndi mau a nkhalamba imene inasamutsidwa ili mwana, zonsezi ndi mboni zoona ndi maso. Buku limene katswiri analemba pambuyo pake atawerenga zimenezi ndi umboni wachiwiri. Nalonso n'lofunika, makamaka chifukwa m'munsi mwa masamba ake mumakhala timau tosonyeza kumene mlembi anatunga nkhani yake. Wofufuza wanzeru amayamba kuwerenga timau timeneto.

Ulendo umayambira ku Zomba, m'laibulale ya Yunivesite ya Malaŵi, imene ambiri akuidziwabe ndi dzina la Chancellor College. M'menemo muli chigawo cha Malawiana chosungira zolembedwa za dziko lino. Wofuna za Achewa apemphe buku la Samuel Josiah Nthara lotchedwa Mbiri ya Achewa, limene linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973, ndiponso kafukufuku amene Kings Phiri anamaliza mu 1975 atayenda m'midzi ya chigawo cha pakati kufunsa nkhalamba. Ambiri mwa amene anafunsidwawo anatsikira kuli chete kalekale, kotero mau ao olembedwawo asanduka chuma chimene sichingapezekenso kwina.

Pali msampha umodzi umene umagwetsa ulesi anthu ambiri, ndiwo kalembedwe ka maina. David Livingstone anafika kwa Mwase ku Kasungu mu September 1863, napeza mudzi wozingidwa ndi linga, koma m'buku lake la 1865 dzina la mfumuyo analilemba kuti Muasi kapena Muazi. Wofunafuna "Mwase" pa mndandanda wa maina adzabwerera chimanjamanja. Chimodzimodzinso Nkhotakota ankalembedwa Kota Kota, ndipo m'zaka zoyamba za atsamunda Kasungu anali pansi pa boma la Marimba, limene likulu lake linali ku Kota Kota komweko. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Zomba momwemo muli nkhokwe ya zolembedwa za boma, National Archives of Malawi, imene inatsegulidwa mu 1947. Kumeneko kuli makalata a maofesi, malipoti a chaka ndi chaka, ndi mabuku amene ma DC ankalembamo maina a mafumu, mibadwo yao, midzi ndi misonkho. Koma wofufuza adziwiretu chinthu chimodzi chomvetsa chisoni: mu February 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka za m'mbuyo mwake anapsa. N'chifukwa chake nkhani ya nkhondo imene asilikari a Angerezi anathira Mwase kumapeto kwa 1895, imene inatha ndi imfa ya mfumuyo ndi kumangidwa kwa Fort Alston, imafunidwa kwina. Harry Johnston anaifotokoza m'buku lake British Central Africa la 1897, ndipo makalata amene ankatumizidwa ku London akusungidwa ku Kew. Ochokera ku Nyasaland kuyambira 1904 ali m'gulu lotchedwa CO 525. A zaka zoyambirira ali m'mapepala a Foreign Office.

Apa mpofunika kuimapo pang'ono. Johnston anali mwini nkhondoyo, ndipo ankalembera anthu a kwao amene anafuna kumva kuti ndalama zao zinagwira ntchito yabwino. Kukhala mboni yoona ndi maso sikutanthauza kukhala wopanda mbali. Pepala lililonse liyenera kufunsidwa mafunso monga mboni pa bwalo: analilemba ndani, ankalembera yani, anali ndi womasulira kapena ayi, nanga akadapindula chiani ndi zimene analembazo? DC wolemba mibadwo ya mafumu ankalemba zimene anauzidwa ndi amene anafika pa khonde la ofesi tsiku limenelo, ndipo banja limene silinaitanidwe mulibe m'bukumo. Pepala lotere likatengedwa lero kupita nalo pa mlandu wa ufumu ngati lopanda chilema, lingathe kulanda mpando kwa eni ake.

Ngakhale munthu wodziwika koposa wa ku Kasungu sanapulumuke ku vuto la umboni. Kwa zaka zambiri boma linkanena kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda anabadwa mu 1906, koma atamwalira mu 1997 zinamveka kuti anali ndi zaka 99, ndipo akatswiri ambiri amaika kubadwa kwake cha m'ma 1898. Pa nthawiyo kunalibe kaundula wa ana obadwa m'midzi. Ofufuza amadalira zolembedwa za mishoni ya Livingstonia, imene Dr. George Prentice anaitsegulira malo ku Kasungu mu 1900, malo amene anaperekedwa kwa amishoni a Dutch Reformed m'zaka za m'ma 1920. Kusintha manja kumeneku kukutanthauza kuti za mpingo umodzi zingapezeke mbali ina m'mapepala a Livingstonia, mbali ina m'mapepala a Nkhoma.

Za malo ndi fodya zili ndi njira yake. Anthu anasamutsidwa ku madzulo kwa boma lino mu 1922 chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo dera limenelo ndilo linasanduka Kasungu National Park mu 1970. Native Tobacco Board inakhazikitsidwa mu 1926. Lamulo la malo la 1965 linapatsa nduna mphamvu zobwereketsa malo a mafumu, ndipo m'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka m'chigwa chonse. Wofuna kudziwa tsiku limene malo ena analembedwa ayang'ane m'nyuzi ya boma ya Gazette, m'kaundula wa ku unduna wa za malo, ndi pa mapu a dipatimenti yoyeza malo. Matenanti amene analima fodyayo saoneka kawirikawiri m'mapepala amenewa, kupatula ngati chiwerengero chabe. Mbiri yao ili m'kamwa mwao ndi m'timabuku ta ngongole ya chimanga ndi feteleza timene ena akusungabe pansi pa sutikesi.

Wopita kukawerenga atenge chiphaso ndi kalata yomufotokoza, alembe ndi pensulo, ndipo asaiwale kukopera nambala ya failo, tsiku ndi dzina la wolemba, pakuti umboni umene wina sangathe kukaupezanso suwerengedwa. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ili ndi zithunzi ndi mabuku akale, ndipo mapepala ena a makhoti a mafumu anajambulidwa ndi chithandizo cha British Library, kotero akuwerengeka pa intaneti. Wokafunsa nkhalamba ayambe wapempha chilolezo kwa mfumu ya mudzi, afunse amai ndi abambo omwe, pakuti kwa Achewa mbumba ndiyo imasunga mibadwo, ndipo alembe dzina la mudzi, tsiku, ndi amene anali kumvetsera pamene nkhalambayo inkayankhula.