KODI MATENDA OCHEDWA "BIPOLAR" NCHIANI?

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a dera la Msundwe.

 Lero sitikamba za feteleza kapena za nazale ya fodya ai. Tikamba za liu limodzi la Chingerezi limene ana anu ayamba kubwera nalo kuchokera ku tauni ndi m'matelefoni mwao, liu lakuti "bipolar". Anyamata akaona mnzao amene m'mawa anali kuseka koma madzulo wakwiya, amangoti ameneyu ndi bipolar. Kumeneko nkulakwa. Liu limeneli ndi dzina la matenda eni-eni, amene angathe kumaliza khola la ng'ombe m'mwezi umodzi, ndipo nthawi zina amachotsa moyo wa munthu.

Liuli liri ndi zigawo ziwiri. "Bi" ndiko kunena kuti ziwiri, ndipo "pole" ndiyo nsonga kapena mathero a chinthu. Taganizani za musi wosinjira chimanga: mtengo wache ndi umodzi, koma nsonga zache nziwiri. Chomwechonso matendawa ndi amodzi, koma amamponya munthu nthawi zina ku nsonga iyi, nthawi zina ku nsonga inayo.

Nsonga yoyamba ndiyo ya kutakasuka kopitirira muyeso. Tiyerekeze za mlimi wofatsa, wodziwika m'mudzi monse kuti ngwaulemu. Mwadzidzidzi aleka kugona. Agona maora awiri okha, kapena osagona konse, koma m'mawa adzuka wamphamvu, osadandaula za tulo. Alankhula msanga-msanga, wina osatha kumdula, ndipo nkhani zache zilumpha kuchoka pa ichi kunka pa icho. Anena kuti chaka chino alima maekala makumi asanu, agula thirakitala, amanga sitolo pa Msundwe, pomwe m'thumba mulibe kanthu. Agulitsa ng'ombe za ngolo pa mtengo wa mbuzi, ndalama nkugawira anthu pa msika. Mukamletsa akwiya zoopsya. Ena amafika ponena kuti iwo ndi aneneri, kapena kuti ufumu wonse wa dera lino ngwao. Madotolo amati zotere zikapitirira sabata yathunthu, ndiye kuti ndi matenda.

Nsonga yachiwiri ndiyo ya chisoni chachikuru. Munthu yemwe uja angokhala m'nyumba. Nsima safuna, kusamba safuna, kumunda sapita ngakhale udzu wamera mpaka m'mawondo. Adziona ngati wachabe, nakumbukira ng'ombe zija ndi manyazi akuru. Izi zimatenga masabata awiri kapena kuposa, kawiri-kawiri miyezi. Anthu amati waulesi, koma si ulesi ai.

Pakati pa nsonga ziwirizi munthu angathe kukhala bwino lomwe miyezi yambiri, ngakhale zaka, kulima ndi kuweruza milandu monga wina aliyense. Apa ndi pamene abale amasokera. Chifukwa kutakasuka kunachitika dzana ndipo chisoni chabwera chaka chino, iwo amayesa kuti ndi mabvuto awiri osiyana. Ngakhale madotolo a ku Ulaya zinawatengera nthawi kuzindikira. Anali madotolo awiri a ku France, Jean-Pierre Falret ndi Jules Baillarger, amene analongosola m'chaka cha 1854 kuti ziwirizi zimasinthana mwa munthu mmodzi. M'chaka cha 1899 dotolo wa ku Germany, Emil Kraepelin, anasiyanitsa matendawa ndi misala ya mtundu wina, poona kuti odwala ache amatsitsimuka pakati-kati. Dzina lakuti "bipolar" linayamba kufala kuchokera m'chaka cha 1980. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 40 miliyoni anali ndi matendawa.

Tsono wina afunsa kuti, nanga abambo aja amene akalandira ndalama za fodya ku Kanengo satulukiranso kwao mpaka zitatha, kodi onsewo ngodwala? Iai. Ambiri mwa iwo ngosakaza chabe, ndipo mlandu wao ngwa ankhoswe, si wa chipatala. Wosakaza amagona tulo tache bwino-bwino, ndipo ndalama zikatha nzeru zimabwerera. Wodwala sagona, satopa, ndipo ngakhale ndalama zitatha iye apitirira, nayamba kugulitsa malata a pa denga. Choncho chinthu choyamba kuyang'ana ndi tulo, ndipo chachiwiri ndi ichi: kodi khalidwe limeneli ndi lache la masiku onse, kapena wasandulika munthu wina?

Matendawa amayamba kawiri-kawiri pa unyamata kapena utsikana, munthu asanafike zaka 25, ndipo amagwira amuna ndi akazi mofanana. Amayenda m'magazi a banja, kotero mukafunsa akuru-akuru mudzamva kuti malume wache kapena agogo ache anali ndi nyengo zotere. Koma sikuti mwana aliyense wa wodwala adzadwalanso. Sapatsirana podyera mbale imodzi. Maliro, ngongole, kuchezera usiku wonse masiku ambiri, kachasu ndi chamba zingathe kuwadzutsa mwa munthu amene ali nao kale. Mai amene ali ndi matendawa asamalidwe kwambiri pa masabata oyamba atangobereka, pakuti nthawi imeneyo amabwerera mwamphamvu. Siyanitsaninso ndi munthu amene wabwebweta thupi liri lotentha: ameneyo angakhale ndi malungo akuru kapena matenda oumitsa khosi, ndipo athamangire naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Inu mafumu mudziwa bwino chimene chimachitika m'mudzi munthu akayamba kulankhula zosamveka. Abale amafuna amene wamlodza, ndipo chala chimaloza nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Ena amati anakhwimira chuma nalakwa chizimba. Lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, koma ngakhale tisanene za lamulo, taonani kutaya kwache: mbuzi zapita kwa wobwebweta ula, mudzi wagawanika, wodwala akali chidwalire.

Mankhwala alipo. M'chaka cha 1949 dotolo wa ku Australia, John Cade, anapeza kuti mchere wina wochedwa lithium umakhazika pansi anthu otakasuka chotere. Mankhwala amenewo amafuna kupima magazi kawiri-kawiri, chotero m'zipatala zathu madotolo amapereka makamaka ena, monga carbamazepine, sodium valproate, haloperidol ndi chlorpromazine. Maina ngobvuta, ndipo simuyenera kuwaloweza. Chimene muyenera kudziwa nchakuti mankhwalawa sachotsa matenda ndi mizu yomwe. Ali ngati mgula wa m'munda wa pa chitunda: madzi sakokolola nthaka pokhapokha mgulawo uli chikhalire. Anthu ambiri amabwerera ku chipatala chifukwa anaona kuti achira naleka kumwa. Ena amaleka chifukwa mankhwala awaumitsa khosi, awanjenjemeretsa manja kapena awagonetsa usana. Zikatero kauzeni a chipatala, angathe kuchepetsa kapena kusintha. Mai wa msinkhu wobereka anene poyera ngati ali ndi pakati kapena afuna mwana, popeza sodium valproate amaononga mwana m'mimba.

Ndipo pali chinthu china chofunika. Mukapita ndi wodwala pa nthawi ya chisoni, musaiwale kuuza dotolo za nthawi ija anali wotakasuka, ngakhale papita zaka zitatu. Wodwala mwini sanena, chifukwa kwa iye imeneyo inali nthawi yabwino. Dotolo akapanda kumva zimenezi angapereke mankhwala a chisoni okha, ndipo amenewo paokha angathe kumkankhira munthu ku nsonga inayo. Chifukwa chache apite naye mbale amene amdziwa kuyambira kale.

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, monga St Gabriel's ku Namitete, Kabudula kapena Nambuma, kapena funsani mlangizi wa za umoyo wa m'mudzi mwanu. Iwo akaona kuti nkofunika adzakutumizani ku Lilongwe, kumene kuli anamwino ndi madotolo a matenda a maganizo, ndiponso chipatala cha St John of God. Ambiri amaopa dzina la Zomba. Nzoona kuti m'chaka cha 1910 odwala misala anayamba kusungidwa m'chigawo cha ndende ya Zomba, ndipo mantha anachokera kumeneko. Koma chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa m'chaka cha 1953, ndipo amene agonekedwa kumeneko amabwerako akapeza bwino. Odwala ochuruka safikako nkomwe, amangolandira mankhwala ali kwao.

Tsopano nchito yanu, inu eni mudzi. Munthu wotakasuka akabwera kuti mumchitire umboni pogulitsa munda, dimba kapena ng'ombe, musabvomere msanga. Itanani mwini mbumba ndi mkazi wache, ndipo nkhaniyo idikire mpaka mtima wache utakhazikika. Wogula amene athamangira katundu wa munthu wodwala mumdzudzule pa bwalo. Musalole anyamata kumseka, kummenya kapena kummanga ndi unyolo pa mtengo. Mlankhuleni mofatsa, anthu ochepa, osatsutsana naye za uneneri wache, ndipo mumperekeze ku chipatala. Ngati ndi mkamwini, uzani kwao msanga, koma musampitikitse ngati wolakwa.

Pa nthawi ya chisoni samalani koposa. Munthu akanena kuti kuli bwino kufa, musayese nthabwala, ndipo musaope kumfunsa maso ndi maso, pakuti kufunsa sikumpatsa maganizowo ai. Chotsani m'nyumba tameki, mankhwala opopera fodya ndi thonje, ndi aja osungira chimanga, mukawatsekere kwa mnansi. Asagone yekha, ndipo kukacha mupite naye ku chipatala, osadikira tsiku la msika.