Masamu amene amapulumutsa batire ya foni yanu

Munthu wa ku Chipulukusu, mumzinda wa Ndola, akatsegula intaneti ya Airtel, MTN kapena Zamtel, uthenga wake umayenda mumlengalenga uli timanambala ta 0 ndi 1. Mafunde akasokonekera, timanambala tambiri toyandikana timawonongeka nthawi imodzi, ndipo foni imalephera kutikonza. N'chifukwa chake akatswiri anaikamo interleaver, kachipangizo kobalalitsa timanambalato tisananyamuke, kuti tikasanjidwanso kofikirako zolakwika zikhale patalipatali, zosavuta kukonza. Vuto n'lakuti kubalalitsako kumafuna memory yosungiramo ndandanda ya malo a kanambala kalikonse. Netiweki ya 4G imagwiritsa ntchito turbo code, njira yokonzera zolakwika yokhala ndi interleaver m'kati mwake, imene Claude Berrou ndi anzake anailengeza mu 1993, ndipo uthenga umamangidwa m'mitolo ya masaizi 188, kuyambira timanambala 40 mpaka 6144, saizi iliyonse ndi ndandanda yake. M'malo mosunga ndandanda zonsezo, foni imangosunga manambala awiri pa saizi iliyonse, n'kumawerengetsera malowo pompopompo.

Ena anganene kuti memory inatsika mtengo, palibenso chodandaulira. Koma ya m'kati mwa chip imadya malo ndi batire, ndipo amene amamva kuwawa ndi mwini foni yotchipa amene kwawo magetsi amathimathima. Enanso angati tingochepetsa kubalalitsako, koma tikatero zolakwika zimaunjikana pamodzi, uthenga n'kutumizidwa kachiwiri, intaneti n'kumachedwa. Choncho njira yanzeru ndiyo kulola foni kuwerengetsera zimene ikanavutika kusunga, pakuti imeneyo imatchipitsa foni osawononga uthenga.