Za Odwala Mtima pa Nthawi ya Mliri ku Italy

Pamene mliri wa COVID-19 unagwa m'dziko la Italy m'chaka cha 2020, madokotala a mtima anaona chinthu chodabwitsa: mabedi a odwala awo anali kutsala opanda anthu. Kodi mitima inali itachira? Iai ndithu. Pakati pa mwezi wa March, anthu ofika kuchipatala atatsekeka mtsempha wa mtima anachepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi chaka cha 2019. Munthu anali kumva chifuwa chilikumfinya, thukuta lili kamukamu, koma nakhala m'nyumba poopa kukatenga mliri kuchipatala. Amene anapita anafika mochedwa, ndipo imfa pakati pawo zinachuluka koposa kale.

Tiyenera kudziwa chifukwa chake. Magazi akaundana natseka mtsempha wodyetsa mtima, mnofu wa mtimawo umayamba kufa, ndipo umene wafa subweranso. Dokotala amalowetsa kachubu kakang'ono mumtsempha wa pamkono, nakafikitsa pamene patsekapo, natsegula njira. Koma ntchito imeneyi imapindula ikachitika msanga.

Tsono akulu a chigawo cha Lombardy, kumene kuli mzinda wa Milan, anapatula zipatala 13 kuti zizilandira odwala otere usana ndi usiku, zina zonse zikulimbana ndi mliri. Ambulansi inali kupita ndi wodwala molunjika kumeneko. Madokotala ndi anamwino anali kumlandira atavala zodzitetezera, monga ngati ali nawo mliriwo, pakuti kudikira kuti ayezedwe kukadataya nthawi. Maopareshoni amene akadatha kudikira anawaimika.

Odwala akale, a mtima wofooka, anali kufunsidwa pa telefoni: kodi miyendo yatupa? Kodi mukupuma bwino mukagona? Ife tiyesa kuti njira imeneyi inathandiza, ngakhale kuti telefoni siingamvere kugunda kwa mtima monga khutu la dokotala.

Panabukanso mphekesera yakuti mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amakulitsa mliri, ndipo ambiri anada nkhawa. M'mwezi womwewo wa March bungwe la European Society of Cardiology linalangiza odwala kuti asaleke kumwa mankhwala awo. Pambuyo pake, m'chaka chomwecho, madokotala a ku Brazil anayesa nkhaniyi pa odwala ogonekedwa m'zipatala, napeza kuti amene analeka mankhwalawo sanachire bwino koposa amene anapitiriza kumwa.