Mafuta a pa chipolopolo cha mtovu ndi zimene sangathe kuchita

Chipolopolo cha mtovu chimene munthu wasungunula yekha n'kuthira m'chikombole chimakhala ndi timizere tozungulira m'chiuno mwake, ndipo m'timizeremo amadzazamo mafuta osakaniza ndi phula. Ambiri amayesa kuti mafutawo ndi oti chipolopolo chiziterereka bwino potuluka. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza mpope wa mfuti kuti mtovu ndi mwaye wa wonga zisakakamire m'kati mwake.

Mtovu ndi wofewa moti chikhadabo chimaukanda, ndipo umasungunuka kutentha kukafika madigiri 327. M'kati mwa mpope wa mfuti zamakono muli mizere yopotapota imene imagwira chipolopolo n'kuchizunguliza kuti chiyende molunjika. Wonga ukapsa, mpweya wotentha kwambiri umakankha chipolopolocho. Chikakhala chochepa pang'ono kuposa mpope, mpweyawo umapeza kampata m'mbali, umadutsa mwaliwiro n'kumasenga tizidutswa ta mtovu timene timamatirira ku chitsulo. Chipolopolo chotsatira chimapeza mpope wokhakhala, nacho chimasiyapo mtovu wina, ndipo posakhalitsa mizere ija imakwiririka. Apa mfuti imayamba kuphonya. N'chifukwa chake amene amaumba zipolopolo zotere amazikulitsa pang'ono kuposa mpope, nthawi zambiri ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi, kuti zitseke mpata wonse. Mafuta amathandiza kutseka timipata tomwe tatsala, komanso amakuta chitsulo kuti mtovu usagwire.

Mafutawa anali ofunika kwambiri m'nthawi ya wonga wakuda, wa mtundu umene umathiridwa m'gogodela. Wonga umenewu ukapsa, pafupifupi theka lake limatsala ngati mwaye. Mwayewo ukauma umalimba ngati makoko apansi pa mphika wa nsima, ndipo msilikali ankavutika kulowetsa chipolopolo china. Mafuta a nyama osakaniza ndi phula la njuchi ankaufewetsa.

Mafuta omwewa anathandiza kugwedeza ufumu wa Britain ku India. Mfuti ya Enfield ya mu 1853 inkabwera ndi wonga ndi chipolopolo zokulungidwa m'pepala lopaka mafuta, ndipo msilikali ankang'amba pepalalo ndi mano. Ku India kunafala mbiri yoti mafutawo ndi a ng'ombe ndi nkhumba. Kwa Mhindu ng'ombe ndi yopatulika, kwa Msilamu nkhumba ndi yodetsedwa. Ku Meerut asilikali 85 a kampani ya East India Company, yomwe inkalamulira India, anakana kulandira mapepala a wonga ndipo anamangidwa, kenako pa 10 May 1857 anzawo anaukira. Madandaulo analipo ena ambiri, koma mafutawo ndi amene anayatsa moto. Mu 1858 boma la Britain linalanda ulamuliro wa India m'manja mwa kampaniyo.

Sayansi inasintha zinthu m'zaka za m'ma 1880. Ku Switzerland, Eduard Rubin anaveka chipolopolo cha mtovu chikopa cha chitsulo cholimbirapo, ndipo ku France, Paul Vieille anapanga wonga wopanda utsi mu 1884. Wonga watsopanowo unkathamangitsa chipolopolo mwaliwiro loti mtovu wamaliseche sungapirire, choncho asilikali anasamukira ku zipolopolo zovala chikopa, zomwe lero zambiri ndi zamkuwa. Zopanda chikopa zinatsalira kwa alenje ndi okonda masewero owombera, makamaka ku America ndi ku Ulaya. Iwowa amalimbitsa mtovu posakaniza ndi tini ndi antimony, ena amaika kachipewa kamkuwa kumatako kwa chipolopolo kuti mpweya wotentha usachidye.

Komabe mafuta ngakhale abwino bwanji sangapulumutse mpope wowonongeka. Mfuti zambiri zakale zankhondo zinkagwiritsa ntchito kapu yoyatsira wonga imene inkasiya mchere wa potassium chloride m'kati. Mcherewo umakoka chinyezi, dzimbiri limalowa, chitsulo chimachita timaenje. Chipolopolo chofewa chikadutsa pamenepo chimapalidwa, ndipo mtovu umadzaza m'timaenjemo. Mkuwa wotsalira kuchokera ku zipolopolo zovala chikopa nawo umagwira mtovu mofanana. Mafuta ochuluka mopitirira amabweretsanso vuto lawo: kukazizira amalimba, ndipo chipolopolo choyamba chimagwa kosiyana ndi zinzake. Ine ndimaona kuti mikangano yambiri yoti mafuta abwino ndi ati imangophimba nkhani yaikulu, yomwe ndi kukula kwa chipolopolo ndi kusalala kwa mpope.

Pali mbali ina imene mafuta sakhudza n'komwe. Mtovu wosengedwa uja sutsala wonse m'mpope. Wina umatuluka ngati fumbi losaoneka n'kukhala pamanja, pazovala ndi m'mpweya, makamaka m'nyumba zophunzirira kuwombera. Kutsuka mpope ndi kuwengula zinyalala pamwamba pa mtovu wosungunuka kumatulutsanso fumbi lomweli. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Kwa ana umawononga ubongo ndi nzeru, kwa akulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso, ndipo kwa mayi woyembekezera umafika mpaka kwa mwana. Munthu angathe kuutengera kunyumba pa malaya ake osadziwa.

Nyama yophedwa ndi chipolopolo cha mtovu imatha kukhala ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso kutali ndi bala, ndipo kuphika sikuchotsa poizoniyo. Mbalame zodya zakufa zimavutikanso. Ku California mtovu unali kupha miimba ikuluikulu yotchedwa condor, ndipo kuyambira mu July 2019 kusaka nyama ndi zipolopolo za mtovu n'koletsedwa m'chigawo chonsecho. Alenje kumeneko tsopano amagwiritsa ntchito kwambiri zipolopolo zamkuwa wokhawokha, zomwe sizifuna mafuta.