Chuma Chobisika m'Madzi Onyansa

Pathumba la fataleza wa D Compound timaonapo manambala 10-20-10. Nambala yapakatiyo ndi ya fosifolasi, mchere umene umakhwimitsa mizu ya chimanga ndi kudzaza njere. Nayitrojeni amaitenga mumpweya, koma fosifolasi amachita kukumba m'miyala, ndipo pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a miyala yodziwika ali ku Morocco. Kwathu kuno ilipo ku Chilembwe m'boma la Petauke, komabe yambiri imene timathira m'minda imachokera kunja, ndipo mtengo wake timaumva chaka chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti mchere womwewu timautaya tsiku ndi tsiku. Wambiri umene timadya umatuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi. Ndipotu Hennig Brand anautulukira mu 1669 ku Hamburg pophika mkodzo. Ukafika mumtsinje umanenepetsa namasupuni, monga taonera pa Kafue.

Nanga ungabwezedwe bwanji? Pamalo oyeretsera madzi a m'masuweji amathira mchere wa chitsulo. Chitsulocho chimagwira fosifolasi, ndipo zonse zimamira pansi pamodzi ndi matope. Matopewo amawatsekera m'thanki yopanda mpweya. M'menemo muli mabakiteriya amene amapumira chitsulo monga ife timapumira mpweya. Potero amachisintha, ndipo chimagwirana mwatsopano ndi fosifolasi n'kupanga timiyala totchedwa vivianite, timene timasanduka tabuluu tikakhala pamphepo. Popeza maginito amphamvu amatikoka, akatswiri a ku Wetsus ndi ku yunivesite ya Delft ku Netherlands anapanga makina otilekanitsa ndi matope.

Vuto lilipo limodzi. Vivianite sasungunuka msanga, choncho mizu sipeza fosifolasi yake mwachangu. N'chifukwa chake amathanso kumutsuka ndi mankhwala a potashi kuti fosifolasi imasuke.

Apa pali phunziro la kumunda kwathu. Dothi lofiira la asidi lili ndi chitsulo chambiri, ndipo limamanga fosifolasi mofananamo. Choncho tisamwaze D Compound m'munda monse, koma tiziika pafupi ndi phando. Tiyezetse dothi, tithire laimu ngati asidi wachuluka, ndiponso tiwonjezere manyowa owola bwino. Madzi a m'suweji osayeretsedwa tisathirire nawo ndiwo zamasamba, pakuti amanyamula kolera ndi njoka za m'mimba.